Funde likamayenda, chimene chikuyendacho n'chiyani?

Funso

Ndimakhala chakufupi ndi Chitakale kuno ku Mulanje, ndipo ndimagwira ntchito pa esiteti ya tiyi. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3. Tsiku lina akuwerenga za mayeso anandiuza kuti mafunde sanyamula madzi, amangonyamula mphamvu basi. Ine ndinatsutsa, chifukwa mu 2023 ndinaona ndi maso angawa madzi akutsika m'phiri atanyamula miyala ikuluikulu ndi mitengo. Ndiye mphamvu ingachoke bwanji pano n'kukafika uko popanda chinthu choinyamula? Mwanayo akutinso mawu, wailesi ndi kuwala kwa dzuwa zonsezi ndi mafunde. Kodi n'zoona, kapena n'zongoloweza kuti akakhoze mayeso?

Yankho

Bambo, mwana wanu sanakunamizeni, ndipo maso anu nawonso sanakunamizeni. Mwasemphana chifukwa aliyense wagwira chake. Mphamvu ili ndi njira ziwiri zochokera malo ena kupita malo ena. Inu munaona yoyamba, mwanayo akuwerenga yachiwiri.

Zimene zinatsika m'phiri mu Marichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, sanali mafunde. Anali napolo, yemwe uja anthu a ku Phalombe anamuonanso mu 1991. Madzi, matope ndi miyala zinachoka kumtunda n'kubwera kumunsi, ndipo sizinabwerere. Mwala umene unali m'mbali mwa phiri lero uli m'munda mwa munthu. Apa mphamvu inabwera itakwera pa chinthu, ndipo kuti ikufikeni, chinthucho chinayenera kufika chokha. N'chimodzimodzi ndi madzi a mu Ruo kapena mu Likhubula akamatsetsereka, mwala wochoka pa legeni, ngakhalenso mphepo ya chiperoni imene imatibweretsera nkhungu ndi mvula yamawawa kuchokera ku Mozambique. Zonsezi ndi zinthu zimene zasamuka pamalo.

Funde silichita choncho, ndipo mukhoza kudziyesera nokha pa damu la pa esiteti panupo. Pitani m'mawa mphepo isanayambe, madzi ali phee. Ponyani chitsononkho pamadzipo, mudikire chikhazikike, kenako ponyani mwala chapatali pang'ono ndi chitsononkhocho. Muona mizere yozungulira ikutuluka pamene pagwa mwala, ikukula, ikulunjika kumtunda. Ikafika pa chitsononkho chija, chinyamuka n'kutsika, kunyamuka n'kutsika, ndipo mizereyo ikadutsa chitsala pafupifupi pomwe chinali. Akanakhala kuti akuyenda ndi madzi, chitsononkhocho chikanatengedwa mpaka kugombe, ndipo pakati pa damu pakanatsala dzenje. Komabe chinachake chachoka pamene panagwa mwala n'kukafika pa chitsononkho, poti chagwedezeka popanda munthu wochikhudza. Chimenecho ndiye mphamvu ya mkono wanu, imene inalowa m'mwala, kuchoka m'mwala n'kulowa m'madzi.

Mmene yayendera ndi motere. Mwala ukagwa umakankha madzi amene wawapeza. Madziwo, posowa kolowera, amatukuka m'mbali n'kupanga kamulu. Kamuluko sikangakhale m'mwamba chifukwa dziko likukakokera pansi, ndiye kamagwa, ndipo pogwapo kamapitirira muyezo n'kukankha madzi oyandikana nawo, amene nawonso amatukuka, kugwa, n'kukankha a patsogolo pawo. Mukudziwa mmene timasamutsira njerwa pa chitukuko cha sukulu kapena cha tchalitchi. Anthu amaima pamzere kuchokera pa uvuni mpaka pomangira, uyu kulandira n'kupatsira mnzake, mnzakeyo kupatsira wina. Njerwa imafika kumapeto, koma palibe munthu amene wachoka pamene anaima. M'funde, anthu a pamzerewo ndi madzi, njerwayo ndi mphamvu.

Kuti kupatsirana kumeneku kutheke pamafunika zinthu ziwiri. Payenera kukhala chobwezera chinthu pamalo pake chikasunthidwa, ndipo chinthucho chikayamba kuyenda chisaime pomwepo koma chipitirire pang'ono. Pa damu chobwezeracho ndi kukoka kwa dziko. Pa chingwe chokungika ndi kukungika komweko. Mumpweya ndi khalidwe lake lokana kupanikizidwa. Ponyani mwala womwewo m'matope okhuthala a m'dambo, simuona mzere ngakhale umodzi, chifukwa matope amameza mphamvu yonse pomwepo osapatsira mnzake.

Pali china chimene mabuku a sukulu amachidumpha, ndipo munthu wopenyetsetsa ngati inu akhoza kuchigwira. Madzi a m'funde sangokwera ndi kutsika kokha. Dontho lililonse limazungulira kabwalo kakang'ono: likakhala pamsonga pa funde limapita patsogolo, likakhala m'chigwa limabwerera m'mbuyo. Kabwaloko sikatsekeka kwenikweni, choncho chinthu choyandama chimasendezeka pang'onopang'ono, koma kusendezeka kwake n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi liwiro la fundelo. Mukaona zinyalala zaunjikana mbali imodzi ya damu, kawirikawiri yazikankha ndi mphepo. Kuzungulira kumeneku kumacheperachepera mukamatsikira pansi, moti pamadzi akuya nsomba ya pansi sidziwa n'komwe kuti pamwamba pakuwinduka.

Tsopano za mawu. Ng'oma za tchopa zikamalira pa Chonde, munthu amazimva ali kutali. Chikopa cha ng'oma chikamenyedwa chimanjenjemera, kutuluka n'kulowa. Chikatuluka chimapanikiza mpweya umene uli pafupi, mpweyawo umadzibweza n'kupanikiza wa patsogolo pake, mpaka kupanikizanako kumafika pa kachikopa ka m'khutu mwanu n'kukanjenjemeretsa. Mpweya umene unakhudza ng'oma ukadali pa ng'oma pomwepo. Ukanakhala kuti umabwera wokha, mawu aliwonse akanamabwera ndi mphepo, ndipo woyankhula mokweza akanamatiulutsira zipewa. Umboni wina muli nawo kuntchito kwanu. Fungo la tiyi wa m'fakitale limamveka mbali yokhayo imene mphepo ikulowera, chifukwa fungo ndi tizinthu timene tiyenera kuyenda tokha mpaka pamphuno. Koma kulira kwa makina kumamveka mbali zonse, ngakhale kumene mphepo ikuchokera.

Pali kusiyana kumodzi pakati pa funde la mawu ndi la pa chingwe, ndipo mwana wanu akakupeza pa mayeso. Mangani chingwe ku mtengo, pakati pake mumangepo kansanza, mugwire mbali inayo n'kuchikutumula kamodzi. Kalinunda kathamanga kulowera ku mtengo, pamene kansanza kangokwera ndi kutsika. Apa chingwe chikugwedezeka mopingasa njira imene funde likulowera. Mumpweya kugwedezekako kumatsata njira yomweyo ya funde, patsogolo ndi m'mbuyo.

Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi mumpweya. N'chifukwa chake munthu wodula mtengo kutsidya kwa chigwa mumaona nkhwangwa itagwa kale, kugunda kwake kukubwera pambuyo. Mukafuula moyang'anana ndi thanthwe, monga la Chambe, mawu anu n'kubwerera patatha masekondi 2, ndiye kuti ayenda mamita 680 kupita ndi kubwera, ndipo thanthwelo lili pa mamita 340. M'madzi mawu amathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, m'chitsulo pafupifupi 5,000. Ambiri amaganiza kuti chinthu cholimba chiyenera kutchinga mawu, koma kulimbako n'kumene kumachititsa kuti tizigawo take tipatsirane msanga. Ndipo popanda chopatsirana mawu sayenda. Katswiri wa sayansi Robert Boyle anaonetsa zimenezi mu 1660: anaika wotchi yogunda m'chibotolo chagalasi n'kupopa mpweya kuutulutsa. Wotchiyo inkaoneka ikuyenda, koma kugunda kwake kunazimiririka.

Funde lililonse timaliyeza pa zinthu zitatu. Choyamba ndi msinkhu wake, kutanthauza mmene latukukira kuchokera pamene madzi amakhala pakakhala bata. Chachiwiri ndi utali wake, kuchokera pamsonga pa funde ili kufika pamsonga pa lotsatira. Chachitatu ndi kuchuluka kwa mafunde amene akudutsa pamalo amodzi pa sekondi imodzi, ndipo muyezo wake ndi hertz. M'kalasi zitatuzi amazitcha amplitude, wavelength ndi frequency. Mukachulukitsa utali wa funde ndi kuchuluka kwake pa sekondi mumapeza liwiro. Mawu onjenjemera ka 340 pa sekondi ali ndi mafunde otalika mita imodzi lililonse, poti mita imodzi kuchulukitsa ndi 340 ndi mamita 340 aja. Khutu la mwana limamva kuyambira pa 20 hertz mpaka pafupifupi 20,000, ndipo tikamakalamba mawu ang'onoang'ono a pamwambawo ndi amene amayamba kutithawa. Oimba ng'oma amazidziwa izi ndi manja. Akaiwamba pamoto chikopa chimakungika, chimanjenjemera mofulumira, mawu n'kukwera. Akamata phula pakati chikopa chimalemera, chimanjenjemera mochedwa, mawu n'kutsika kukhala a besi.

Pa zitatuzi, msinkhu ndiwo umanyenga anthu, ndipo ndikanakonda aphunzitsi anzanga akanamachedwapo m'malo mongolembetsa pa bolodi. Funde likakwera kawiri, mphamvu yake sikwera kawiri, imakwera kanayi. Likakwera katatu, mphamvu imakwera ka 9. Chifukwa chake si chovuta. Kuti mulu wa madzi utalike kawiri, madzi otukulidwawo amachuluka kawiri, ndiponso aliwonse akwezedwa mtunda wowirikiza kawiri. Kawiri kuchulukitsa kawiri ndi kanayi. Choncho funde la mamita 2 lili ndi mphamvu yoposa ya funde la theka la mita ka 16. Asodzi a ku nyanja ya Malawi amaopa mwera pa chifukwa chomwechi. Mphepo imeneyi imaomba m'nyengo yozizira kuchokera kumwera chakum'mawa, motsata utali wa nyanja umene ndi woposa makilomita 550, ndipo ulendo wonsewo imakhala ikuthira mphamvu yake m'madzi. Funde limene linayamba laling'ono kumwera limakafika kumpoto litasanduka chiphiri. Kumpoto komweko n'kumene sitima ya Vipya inamira pa mkuntho mu Julayi 1946, n'kupha anthu 145.

Chitsanzo chimene chimagwirizanitsa zimene munaona inu ndi zimene akuwerenga mwana wanu ndi tsunami ya pa 26 Disembala 2004. Pansi pa nyanja ya mchere pafupi ndi chilumba cha Sumatra ku Indonesia panachitika chivomerezi chachikulu, nthaka ya pansi pa nyanja inatukuka n'kukankha madzi onse a pamwamba pake. Funde linanyamuka pa liwiro loposa makilomita 700 pa ola, ngati ndege, ndipo patatha maola pafupifupi 7 linafika ku Somalia, mtunda wa makilomita pafupifupi 5,000. Linapha anthu kumeneko komanso ku Tanzania ndi ku Kenya, ndipo m'maiko onse pamodzi anafa oposa 200,000. Madzi a ku Sumatra sanabwere ku Africa. Palibe madzi a m'nyanja amene angathamange choncho. Amene anamiza midzi ya ku Somalia anali madzi a m'mbali mwa Somalia momwemo, amene anali omaliza pamzere kulandira mphamvu. Pakati pa nyanja fundelo silinafike ngakhale mita imodzi msinkhu, moti a m'sitima sanalizindikire. Litafika posaya linachepetsa liwiro, la m'mbuyo linapeza la patsogolo, mphamvu yonse inaunjikana pamalo ochepa, madzi n'kutukuka. Ndipo poti kutsogolo kunalibenso madzi ena oti apatsire, omalizawo anakhuthukira kumtunda atanyamula maboti ndi nyumba. Kuyambira pagombe kupita kumtunda sanalinso funde, anali madzi osefukira ngati amene munawaona.

Mafunde ambiri safika patali choncho. Mzere wa pa damu uja ukamakula, mphamvu yomweyo imagawika pabwalo lalikulu, ndiye msinkhu umatsika. Mawu amamwazikira mbali zonse, m'mwamba momwe, choncho mukatalikira kawiri kuchokera pa ng'oma, mphamvu yofika pakhutu panu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ina imasanduka kutentha pang'onopang'ono m'njira. Mawu a pamwamba ndi amene amadyedwa msanga, n'chifukwa chake usiku kukakhala zoimbaimba kutali mumangomva kugunda kwa besi, nyimbo yake osaizindikira. Mphamvuyo sikuti yatha, yangomwazika moti singagwirenso ntchito.

Nthaka nayo imapatsirana. Chivomerezi ngati cha ku Salima mu 1989 kapena cha ku Karonga mu Disembala 2009 chimayamba pamene miyala ya pansi yathyoka n'kutsetsereka, koma chimagwedeza nyumba za kutali kumene palibe chimene chathyoka. Funde loyamba limapanikiza miyala ngati mawu ndipo limayenda makilomita pafupifupi 6 pa sekondi. Lachiwiri limagwedeza mopingasa ngati la pa chingwe ndipo limachedwerapo, pafupifupi makilomita 3.5 pa sekondi. Akatswiri amayeza mpata wa pakati pa awiriwa kuti adziwe kutalika kwa kumene chachokera.

Pa kuwala ndi wailesi ndiye kukayika kwanu kuli ndi malo, chifukwa pamenepa palibe ngakhale mzere wopatsirana. Pakati pa dzuwa ndi ife pali makilomita pafupifupi 150 miliyoni, ndipo pafupifupi mtunda wonsewo mulibe mpweya kapena madzi. Akatswiri akale nawonso zinawavuta, moti kwa zaka zambiri ankakhulupirira kuti payenera kukhala chinthu chosaoneka chodzaza mlengalenga monse, koma atachifunafuna sanachipeze. James Clerk Maxwell anaonetsa ndi masamu mu 1865 kuti mphamvu ya magetsi ikamasintha imabala ya maginito, ya maginito ikamasintha imabala ya magetsi, ndipo ziwirizi zikhoza kuyenda zikuberekana choncho. Pambuyo pake zinadziwika kuti sizifuna chozinyamula. Heinrich Hertz anapanga mafunde oterewa mu labotale mu 1887 n'kuwagwira mbali ina ya chipinda, ndipo muyezo uja unatengera dzina lake. Liwiro lawo ndi makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Kuwala kumene kukukuotchani pamsana m'munda mwa tiyi kunanyamuka padzuwa mphindi 8 ndi masekondi 20 zapitazo. Masana kopanda mitambo, malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi amalandira mawati pafupifupi 1,000. Sola ya padenga imagwirako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu n'kusandutsa magetsi. Tsamba la tiyi limagwirako pang'ono n'kupangira chakudya chake. Chimanga cha pamkeka chimauma ndi mphamvu yomweyo.

Wailesi, foni, kutentha kwa moto kumene mumakumva musanaukhudze, kuwala kooneka ndi maso, ndi X-ray ya kuchipatala, zonsezi ndi funde la mtundu umodzi, kusiyana kwake ndi utali basi. Nambala ya pa wailesi ya FM imanena kuchuluka kwa mafunde pa sekondi: 100 ndiye kuti mafunde 100 miliyoni, lililonse lotalika mamita 3. A medium wave, amene mawailesi akale ankadalira, amatalika mamita mazanamazana. A foni safika ngakhale theka la mita. Funde limakhota mosavuta pozungulira chinthu chimene kukula kwake sikuposa utali wa fundelo, koma likakumana ndi chachikulu kwambiri limasiya mthunzi kuseri. Phiri lathuli, limene pa Sapitwa limafika mamita 3,002, ndi khoma lalikulu kwa funde la theka la mita. Munthu wa kuseri kwa phiri kapena wa m'chigwa cha ku Thyolo akamakwera pachulu kuti apeze netiweki, akutuluka mumthunzi umenewo.

Pa mafunde amenewa, choopsa pathupi chimadalira kwambiri kufupika kwa funde. Aafupi kwambiri, monga ultraviolet (kuwala kwa padzuwa kosaoneka ndi maso) ndi X-ray, amatha kuwononga maselo a khungu ndi a m'thupi. N'chifukwa chake wojambula X-ray amabisala kuseri kwa khoma, ndipo abale athu achialubino amafunika chipewa, zovala zamanja aatali ndi mafuta oteteza khungu. A wailesi ndi a foni ndi aatali kwambiri moti sangathe kuchita zimenezo. Ine ndimaona kuti anthu amaopa nsanja ya foni mopitirira, dzuwa la masana n'kumalipeputsa.

Mphezi imatumiza mafunde awiri nthawi imodzi, kuwala ndi mawu, ndipo kwa inu ogwira ntchito pamtetete kusiyana kwa liwiro lawo n'kothandiza. Kung'anima kumakufikani nthawi yomweyo. Bingu, limene ndi mpweya wotenthedwa mwadzidzidzi n'kufutukuka mwamphamvu, limatenga masekondi 3 pa kilomita iliyonse. Kukang'anima yambani kuwerenga masekondi mpaka mumve bingu, mugawe ndi 3. Mukafika pa 15, mphezi yagwa pa makilomita 5. Bingu likamveka musanafike pa 30, ndiye kuti ili mkati mwa makilomita 10 ndipo yotsatira ikhoza kugwa pamene mwaimapo. Tulukani m'munda, musabisale pansi pa mtengo kapena m'kachisakasa kopanda makoma, lowani m'nyumba yeniyeni kapena m'galimoto yotseka, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanabwerere ku ntchito.